Mawu oti "Umunthu" m'Kafukufuku Watsopano wa Filosofi: Ndemanga pa Kagawidwe, Kalembedwe ndi Matanthauzo

Kwa zaka zambiri akatswiri a filosofi m'Afirika ankalimbana ndi funso limodzi, lakuti kodi Afirika ali ndi filosofi yakeyake kapena ayi. Mkanganowu unakula kuchokera mu 1945 pamene wansembe wa ku Belgium, Placide Tempels, anasindikiza buku lofotokoza maganizo a anthu oyankhula ziyankhulo za Chibantu, ndipo unafika pachimake mu 1976 pamene Paulin Hountondji wa ku Benin anatsutsa mchitidwe wotenga miyambo ya mtundu wonse n'kuitcha filosofi. Pambuyo pake kafukufuku anatembenukira kwina. Kwasi Wiredu wa ku Ghana analangiza kuti mfundo iliyonse yolowa kudzera m'chiyankhulo cha atsamunda iyambe yayesedwa m'chiyankhulo cha makolo isanavomerezedwe. Mu 2007 Alena Rettová anatulutsa buku lounika filosofi yolembedwa m'ziyankhulo za mu Afirika, pamene Kai Kresse analemba za anthu oganiza mozama a ku Mombasa amene ntchito yawo ili m'Chiswahili. Kuno ku Malawi njirayi inalambulidwa ndi malemu Didier Kaphagawani, amene ankaphunzitsa ku Chancellor College, ndipo mu 2018 Grivas Kayange anasindikiza buku lotchedwa Meaning and Truth in African Philosophy lomwe zitsanzo zake zambiri n'za m'Chichewa.

Njira yatsopanoyi n'njoyamikirika chifukwa yaika chiyankhulo pakati pa bwalo. Komabe popeza chiyankhulo ndicho chasanduka mboni, m'pofunika kuti mboniyo ifunsidwe motsata malamulo ake. Pali zofooka zinayi zimene zikuoneka kawirikawiri m'zolemba zonena za umunthu, ndipo zonse zikukhudza ntchito yokhazikitsa mawu.

Chofooka choyamba chili pa kagawidwe ka mawuwo. Mu 1999 Mogobe Ramose wa ku South Africa, m'buku lake la African Philosophy through Ubuntu, anagawa mawu oti ubuntu pawiri, ubu- ndi -ntu, nafotokoza kuti gawo loyamba limanena za kukhalapo kwa zonse kusanaonekere m'chinthu chodziwika, pamene lachiwiri ndi pomwe kukhalapoko kumaonekera. Olemba ena atenga kagawidweka n'kukaveka pa mawu a Chichewa ngati kuti umunthu ndi ubuntu n'chimodzimodzi kupatula matchulidwe. Izi sizolondola. M'Chizulu mphatikiri wa gulu la zosakhudzika amalumikizidwa ku tsinde mwachindunji, ndipo ndi momwenso zilili ndi utu wa m'Chiswahili ndi unhu wa m'Chishona. Koma mawu a Chichewa ali ndi magawo atatu: u-, mu- ndi -nthu. Nthawi zambiri dzina la m'gulu la Mu-A likamalowa m'gulu la U-Ma limataya mphatikiri wake, monga mlimi ndi ulimi, mbusa ndi ubusa, mphunzitsi ndi uphunzitsi. Dzina loti munthu silitero. Limalowa lathunthu, monga momwe mwini amalowera mu umwini. Tsinde la -nthu palokha silinena za munthu, pakuti limapezekanso mu chinthu, zinthu, kanthu ndi tinthu. Chomwe chimasiyanitsa munthu ndi chinthu ndi mu- yemweyo amene kagawidwe kobwereka kamamutaya. Komanso u- wa mu umunthu ndi yemweyo wa mu ulesi, ufiti ndi umbuli, ndipo palibe amene angaumirire kuti mu u- wa ulesi mwabisala chiphunzitso cha kukhalapo kwa zonse.

Chenjezo lomweli likukhudza ntchito ya Alexis Kagame wa ku Rwanda, amene mu 1956 anapeza m'Kinyarwanda magulu anayi a zokhalapo: umuntu, ikintu, ahantu ndi ukuntu, nawayerekeza ndi magulu khumi a Aristotle. Awiri oyambawo ali ndi abale awo m'Chichewa, munthu ndi chinthu. Koma pa zomwe Kagame anaziika m'magulu awiri otsalawo, woyankhula Chichewa amati malo, nthawi ndi mkhalidwe, mawu amene alibe tsinde la -nthu. Choncho dongosolo looneka lokwanira m'chiyankhulo chimodzi limatsimphina likasamutsidwira m'chinzake, ngakhale ziyankhulozo zili zapachibale.

Chofooka chachiwiri chili pa kalembedwe. M'mabuku ndi m'makalata a kafukufuku mawu amodzimodziwa akulembedwa mwanjira zitatu: umunthu, Umunthu ndi uMunthu. Kalembedwe kachitatuka n'kokopa maso, koma kakusocheretsa. M'Chichewa lembo lalikulu limasonyeza chiyambi cha chiganizo kapena dzina lamwinimwini, ndipo likapezeka pakati pa mawu ndiye kuti mphatikiri wagundana ndi dzina lotero. Kulemba uMunthu kukutanthauza kuti Munthu ndi dzina la winawake. Wolemba za chipembedzo atha kukhala ndi chifukwa chake chochitira zimenezi, koma wofufuza za chiyankhulo ayenera kuzindikira kuti umunthu ndi dzina la chinthu chosakhudzika monga ulemu ndi ufulu, ndipo liyenera kulembedwa ndi malembo aang'ono pokhapokha likayamba chiganizo kapena likakhala pamutu wa nkhani. Kulemekeza mfundo sikupatsa munthu chilolezo chophwanya malamulo a kalembedwe.

Chofooka chachitatu, chomwe n'chachikulu, chili pa kasankhidwe ka umboni. Pafupifupi nkhani iliyonse yonena za umunthu imatchula mwambi woti kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu, kapena woti mutu umodzi susenza denga. Pamiyambi iwiriyi pamamangidwa chigamulo chakuti Mchewa saona munthu payekha koma gulu. Maganizowa anafala kwambiri ndi buku la John Mbiti la mu 1969. Koma nkhokwe ya miyambi ili ndi mbali ziwiri. Makolo omwewo anatinso anthu ndi mchenga, saundika. Anatinso andiitana pakalowa njoka, pakalowa mbewa akumba okha. Miyambi iyi ikuonetsa anthu odziwa kuti aliyense ali ndi mtima wake ndiponso kuti umodzi umatha kukhala chinyengo. Buku la J.C. Chakanza la mu 2000 lili ndi miyambi 2,000. Wofufuza amene atolamo iwiri yokha yogwirizana ndi zomwe anaganiza kale sanafufuze, wangosankha mboni zomukomera. Kuonjezera apo, mwambi sukhala ndi tanthauzo lathunthu kunja kwa bwalo pomwe wanenedwa. Nkhoswe poyanjanitsa banja imatchula mwambi wina, mfumu pogamula mlandu wa malire a munda imatchula wina, ndipo onse amakhoza.

Kaphagawani anaona msanga kuti mawu oti munthu ali ndi ntchito ziwiri. Mchewa akati uje si munthu, satanthauza kuti ujeyo ndi nyama kapena mtengo. Akuweruza khalidwe lake. Motero umunthu nthawi zina umanena za chibadwa chomwe aliyense ali nacho, monga mmene mawuwa amamvekera pokamba za ufulu wachibadwidwe, ndipo nthawi zina umanena za khalidwe lomwe wina ali nalo, wina alibe. Kusasiyanitsa matanthauzo awiriwa n'koopsa. Ngati umunthu umene lamulo limateteza uli womwewo umene wakuba amati alibe, ndiye kuti wakubayo alibe chomuteteza kwa gulu lofuna kumulanga lokha. Apa nkhani ya mawu yasanduka nkhani ya moyo, ndipo womasulira malamulo kapena wolemba buku la sukulu ayenera kusonyeza tanthauzo lomwe akunena.

Chofooka chachinayi ndi kudalira kwambiri magwero a mawu. N'zoona kuti mawu oti zoona ndi choonadi anachokera ku mneni woti ona. Koma sikulondola kugamula kuti kwa Mchewa choonadi ndi chokhacho chomwe maso aona, pakuti munthu amavomereza kuti "zoona" ngakhale pa nkhani yongomva. Mneni woti imva naye amasenza katundu wambiri: munthu amamva mawu, amamva fungo, amamva kuwawa, amamvetsa phunziro, ndipo mwana wosamva sikuti ndi wogontha. Wofuna kufotokoza mmene Achewa amaganizira za kudziwa ayenera kuunika aneni onsewa pamodzi ndi dziwa, zindikira ndi khulupirira. Pali vuto linanso pa mawu otsutsana ndi zoona. Bodza limanenedwa ndi munthu wodziwa kuti akunyenga; wonena zosalondola mosadziwa sananame, walakwitsa. Phunziro la kaganizidwe kolongosoka limafuna mawu onena za chiganizo chosagwirizana ndi zenizeni popanda kuweruza mtima wa wonenayo, ndipo kugwiritsa ntchito bodza pamenepa n'kusokoneza ophunzira.

Gwero la zofooka zonsezi n'limodzi: kafukufuku wonena za Chichewa akulembedwa m'Chingerezi. Mawu a Chichewa amangoonetsedwa ngati zitsanzo, pamene kutsutsana kwenikweni kumachitika m'chiyankhulo china. N'chifukwa chake filosofi yeniyeniyo ena amaitcha nzeru zakuya, ena kuganiza mozama, ena n'kungobwereka dzinalo, pamene Chiswahili chinakhazikika pa falsafa. Bungwe la Chichewa, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, linalowedwa m'malo mu 1996 ndi Centre for Language Studies ku Zomba, ndipo mu 2000 kunatuluka Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Maziko alipo. Chotsala n'chakuti akatswiri a filosofi ndi a chiyankhulo akhale pamphasa imodzi n'kugwirizana mawu a mfundo zikuluzikulu, aliyense ndi tanthauzo lake lolembedwa m'Chichewa ndi ziganizo zoonetsa kagwiritsidwe ntchito kake. Umboni usachokere m'miyambi mokha. Nthondo wa Samuel Josia Ntara wa mu 1933 ndi Kukula ndi Mwambo wa John Gwengwe ndi mabuku amene amalongosola za kuumbika kwa munthu m'Chichewa chenicheni, ndipo akuyenera kuwerengedwa ngati zolemba za anthu oganiza. Nkhani zazifupi za filosofi zitayamba kulembedwa m'Chichewa, mawu osakwanira adzadziulula okha pa chiganizo choyamba, ndipo okhazikitsa mawu adzadziwa poyambira.