Nkhodolero ndi Makina Odula Mawu

Kompyuta isanasanthule chiganizo, imayamba yaika malembo m'magulu, n'kumadula pamene yapeza mpata kapena chizindikiro. Mapulogalamu ambiri ogwira ntchitoyi adakonzedwera Chingerezi, ndipo Chichewa chimavulalira pomwepa.

Mphunzitsi wa pa Mchinji Boma akalemba kuti "m'khola muli ng'ombe", nkhodolero ziwirizo ntchito zake n'zosiyana. Yoyamba ikuimira u wa "mu" amene wagwa. Kudula pamenepo sikulakwa. Yachiwiri ndi chiwalo cha ng', liwu limodzi losiyana ndi ng wa mu "ngoma". Makina ongodula paliponse amabala "ng" ndi "ombe", zibenthu zopanda tanthauzo, ndipo mtanthauziramawu wosonkhanitsidwa motero amabadwa wolumala.

Mankhwala ake ngosavuta: makina ayambe azindikira ng' yense wathunthu asanayang'ane nkhodolero zina. Auzidwenso kuti kutsidya kwa malire, ku Chipata, kalembedwe ka 1977 kamaika c pamene Malawi amaika ch.

Komatu mlandu wina ngwa alembi. Wolemba "M'chinji", dzina lopanda nkhodolero, wauza makinawo kuti pali malo otchedwa "chinji" ndipo munthu ali m'kati mwake.