Nyumba ya Chanel: Zovala ndi Perefyumu

Nyumba ya mafashoni ya Chanel inayamba ndi zipewa. Mu 1910 Gabrielle Chanel, amene ankadziwika ndi dzina loti Coco, anatsegula sitolo ya zipewa za amayi pa nambala 21 mumsewu wa Cambon ku Paris. Iye anabadwira ku Saumur mu 1883, anakula movutika mayi ake atamwalira, ndipo ndalama zake zoyamba anazipezera pa singano. Mu 1913 anatsegula sitolo ina ku Deauville, ndipo mu 1915 anakhazikitsa ku Biarritz nyumba yosoka zovala za haute couture, zomwe zimasokedwa makamaka pamanja, pa muyeso wa munthu mmodzi, n'kuyesedwa pathupi pake kangapo zisanatuluke.

Luso la Chanel linali lochotsa. Amayi olemera a nthawiyo ankavala zomangika m'chiuno, zodzaza malesi ndi nthenga, zoti munthu sangavale popanda womuthandiza. Iye anatenga jersey, nsalu yoluka yofewa imene inkagwiritsidwa ntchito kwambiri pa zovala zam'kati za amuna, n'kusokera madiresi otsata thupi osalipanikiza. Sankajambula chovala papepala. Ankachipanga pathupi la munthu ataimirira, ndi sizasi ndi mapini, ndipo mkono wa jekete ankausomola mobwerezabwereza mpaka wovalayo atamakweza dzanja jekete osasuntha. Mu 1926 magazini ya Vogue inafanizira diresi yake yakuda yopanda chokongoletsa ndi galimoto ya Ford, kutanthauza kuti idzafika paliponse. Komabe mbiri imamukomera mopitirira ikamanena kuti ndiye anamasula chiuno cha amayi, pakuti wosoka mafashoni wina, Paul Poiret, anali atayamba kale zimenezo.

Poiret yemweyo ndiye anayambanso kugulitsa perefyumu m'dzina la nyumba yosoka, mu 1911, koma anaitcha Rosine, dzina la mwana wake wamkazi. Chanel anaika dzina lake lenileni pabotolo. Mu 1921 anatulutsa No. 5, yopangidwa ndi Ernest Beaux, Mfalansa wobadwira ku Moscow amene anaphunzira ntchitoyi ku kampani ya Rallet. Nkhani yofala imati Beaux anabweretsa timabotolo tokhala ndi manambala, Chanel n'kusankha kachisanu.

Chimene chinali m'botolomo ndicho chofunika kuposa nambalayo. Kalelo mayi waulemu wake ankayembekezereka kununkhira ngati duwa limodzi lodziwika. No. 5 sinkatsanzira duwa lililonse. Muli jasimini ndi rozi wa mwezi wa Meyi, maluwa olimidwa kudera la Grasse kum'mwera kwa France, muli ylang-ylang, duwa la mtengo wolimidwa kwambiri ku Comoros ndi ku Madagascar, ndipo pansi pake pali sandalwood, vetiver ndi vanila. Pamwamba pa zonsezi Beaux anathira makemikolo otchedwa aldehyde. Sanali woyamba kuwagwiritsa ntchito, popeza perefyumu ya Quelques Fleurs ya kampani ya Houbigant ya 1912 inali nawo, koma iye anawachulutsa mwa njira imene ena sankayerekeza. Paokha makemikolowa amamveka ngati sopo kapena kandulo yongozimitsidwa kumene. Akasakanizidwa ndi maluwa amawapepukitsa ndi kufufuta malire ake, moti mphuno singaloze pamene jasimini wathera ndi pamene rozi wayambira. Fungolo limasinthanso pakhungu: loyamba n'lakuthwa ndipo limauluka msanga, la maluwa limatsatira, la mitengo ndi vanila limakhalitsa. Choncho perefyumuyi inamangidwa monga diresi ya nyumbayi, yooneka yosavuta pomwe ntchito yaikulu yabisika m'kati. Botolo lakenso linali lamakona, la galasi loonekera, ndi kapepala koyera ka zilembo zakuda, pa nthawi imene mabotolo ena ankaumbidwa mokometsera kwambiri.

Pa ndalama zinthu sizinayende mwaulemu chotero. Mu 1924 kunakhazikitsidwa kampani ya Parfums Chanel. Pierre ndi Paul Wertheimer, eni ake a kampani ya zodzoladzola ya Bourjois, anatenga magawo 70 pa 100 alionse, Théophile Bader wa sitolo ya Galeries Lafayette anatenga 20, Chanel n'kutsala ndi 10. Anadandaula nazo kwa zaka zambiri. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itayamba mu 1939 anatseka nyumba yosokayo, ndipo Ajeremani atalanda France anayesa kugwiritsa ntchito malamulo olanda katundu wa Ayuda kuti atenge kampaniyo, popeza a Wertheimer anali Ayuda. Zinakanika chifukwa iwo anali atasungitsa kale magawo awo kwa Félix Amiot, amene sanali Myuda. Mbali imeneyi ya moyo wake siifafanizika chifukwa choti zovala zinali zokongola. Mu 1947 iye ndi a Wertheimer anagwirizana zatsopano, ndipo Chanel anayamba kulandira magawo 2 pa 100 a malonda onse a perefyumu.

Pamene anabwerera ku ntchito yosoka mu 1954, ali ndi zaka 70, ndalama zinachokera kwa Pierre Wertheimer, amene pambuyo pake anatenga nyumba yonse. Perefyumu imene inayamba ngati chowonjezera pa zovala ndiyo inadzutsa zovalazo. Atolankhani a ku Paris anazinyoza kuti n'zachikale, koma ku America zinagulidwa, makamaka suti ya tweed yopanda kolala, yokhala ndi katcheni kosokeredwa m'kati mwa mpendero kuti jekete izigwa mowongoka. Chanel anamwalira mu 1971, ndipo Karl Lagerfeld anatsogolera zovala kuyambira 1983 mpaka imfa yake mu 2019.

Ku mbali ya fungo, ntchito yadutsa m'manja ochepa. Beaux analowedwa m'malo ndi Henri Robert, amene anapanga No. 19. Jacques Polge anayamba mu 1978 n'kutulutsa Coco mu 1984 ndi Coco Mademoiselle mu 2001, kenako mwana wake Olivier Polge anatenga udindowo. Ntchito yawo yovuta kwambiri ndi kusunga No. 5, chifukwa malamulo a zaumoyo analetsa kapena kuchepetsa zina mwa zinthu zimene Beaux ankagwiritsa ntchito, ndipo minda ya maluwa ku Grasse inachepa. N'chifukwa chake mu 1987 Chanel inachita mgwirizano ndi banja la Mul, alimi a ku Pégomas, amene amailimira jasimini ndi rozi za perefyumuyi.