Fumbi la pabwalo ndi kompyuta yolosera

Sekondi imodzi ya filimu imakhala ndi zithunzi 24, ndipo chithunzi chimodzi cha 4K chili ndi timadontho topitirira 8 miliyoni. Pomanga zinthu zomwe kamera sinazione, monga moto, utsi kapena nyumba yomwe inagwa kale, kompyuta imalondola njira ya kuwala pa kadontho kalikonse kambirimbiri. Ikalondola mochepa, chithunzi chimatuluka chamathothomathotho ngati chawazidwa mchenga. Ikalondola mokwanira, chithunzi chimodzi chimatha kudya maola. Ma neural network, mapulogalamu ophunzira poona zitsanzo, afupikitsa ntchitoyi. Mu 2017 akatswiri a Disney ndi Pixar anaonetsa pulogalamu yomwe inaphunzira kusalaza mathotho poona zithunzi za filimu ya Finding Dory. Mu 2019 Intel inatulutsa Open Image Denoise yaulere, ndipo chaka chomwecho inalowa mu Blender, pulogalamu yomangira zithunzi zoterezi. DLSS ya Nvidia, yomwe inayamba mu 2018, imatha kutenga chithunzi cha timadontho pafupifupi 2 miliyoni n'kuchikulitsa kufika pa 4K.

Kwa waluso wa ku Harare, Lusaka kapena Lilongwe, yemwe ali ndi kompyuta imodzi ndipo magetsi amamuthawa ntchito ili mkati, phindu lake n'losachita kufunsa. Nkhani zathu zikufunanso luso limeneli: filimu ya Mukudzei, ya Pious Nyenyewa ndi Tafadzwa Hove mu mndandanda wa Kizazi Moto wa 2023, inamanga Great Zimbabwe wam'tsogolo yemwe palibe kamera ikanamujambula. Koma tizinena chinthu ndi dzina lake. Pulogalamu yosalaza kapena yokulitsa chithunzi siwerengera kuwala komwe kwasowa. Imalosera, potengera zomwe inaona pophunzira. Choncho luso la wopanga filimu lasamukira pa kudziwa malo omwe angalole kuti ilosere ndi malo omwe ayenera kuikaniza.

Tiyerekeze kuti wina akufuna kupanga filimu ya Mhangura, tauni ya mgodi wa kopa m'boma la Makonde, kumpoto kwa Chinhoyi, momwe inalili mgodi usanatsekedwe cha mu 2000. M'makomboni a migodi ndi mafamu a ku Mashonaland munadzaza anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo anapita ndi Gule Wamkulu. Zitsulo za pamgodi, malata a nyumba ndi makoma ake n'zosavuta: zili ndi mizere yoongoka, ndipo pulogalamu yosalaza imapatsidwanso mapu a mtundu wa chinthu ndi komwe chayang'ana, moti siphonya kwenikweni. Vuto lili pabwalo. Chilombo chikapalasa pansi, fumbi limakwera mosanjikizana, lokhuthala m'mapazi, lopyapyala m'chiuno, timiyala tikuthetheka padera, ndipo dzuwa la madzulo likalowamo kanjere kalikonse kamawala pakokha. Fumbi lilibe khungu loti n'kulilembera mapu otero. Kwa pulogalamu yophunzitsidwa kuchotsa mathotho, njere zimenezi ndi mathotho ndithu, ndipo imazisandutsa nkhungu yosalala. N'chimodzimodzi ulusi wa chiguduli, nthenga za kumutu ndi makoko a chimanga a kasiyamaliro: zimamatana, zimanjenjemera kuchoka pa chithunzi china kupita pa chinzake. Munthu wodziwa gule amayeza mphamvu ya wovina poona fumbi lomwe wautsa, ndiye kulisalaza ndi kumufooketsa wovinayo.

Nkhope ndiye pali umboni woonekeratu. Mu 2020 pulogalamu yokulitsa zithunzi yotchedwa PULSE, ya ofufuza a ku Duke University, itapatsidwa chithunzi chosaoneka bwino cha Barack Obama inatulutsa nkhope ya mzungu, chifukwa nkhope zambiri zomwe inaphunzirapo zinali zotero. Ngakhale kwa olemera sizinayende bwino nthawi zonse: makanema a James Cameron, True Lies ndi Aliens, atatulukanso mu 4K, oonera ambiri anadandaula kuti nkhope zasalala mopitirira muyeso ndipo njere za filimu yakale zachotsedwa. Ngati zinatero ndi Arnold Schwarzenegger wa mu True Lies, nanga nkhope ya agogo omwe anagwira ntchito pansi pa mgodi, itajambulidwa m'kanyumba kamdima? Makwinya ndi thukuta pa khungu lakuda zimaoneka mwa kusiyana pang'ono kwa kuwala, ndipo kusiyana kwapang'onoko n'komwe kumayamba kufufutika.

Ena adzati filimu yonse ndi yongopeka, ndiye palibe chifukwa chodandaulira kuti kompyuta yapekako timadontho. Zoona, koma wojambula akapeka amasankha, ndipo tingamufunse chifukwa chake. Pulogalamu imakokera chilichonse ku zomwe inaona kawirikawiri, ndipo bwalo la komboni siliri m'gulu la zomwe inaona kawirikawiri. Ena adzati anthu athu amaonera pa foni, kanema atafinyidwa kale ndi WhatsApp, choncho njere za fumbi sizifika n'komwe. Mfundo imeneyi ndi yamphamvu, koma ikutsutsa kuthamangira 4K osati kusamala: ngati woonera sadzaona timadontho 8 miliyoni, bwanji osamanga chithunzi chaching'ono chowerengedwa bwino m'malo mwa chachikulu cholosera? Palinso omwe amati tingoiphunzitsa ndi zithunzi zathu. Ndi njira yabwino, ndipo nkhope, nsalu ndi dothi lathu ziyenera kulowamo, koma zina za gule si zoti aliyense angazijambule n'kuziika m'nkhokwe ya kampani. UNESCO inazindikira Gule Wamkulu mu 2005, komabe eni ake ndi akudambwe, ndipo ndi iwo oyenera kunena zotuluka ndi zosatuluka.

Opanga mafilimu akuluakulu samanga chithunzi chonse pakamodzi. Amachigawa m'zigawo n'kuzisanjikiza pomaliza, ndipo Blender imalola zomwezo. Makoma, malata ndi mitambo zipite kwa pulogalamu yosalaza, zipulumutse maola ndi magetsi. Maola opulumukawo apite ku fumbi ndi nthenga, ziwerengedwe mokwanira. Kuli bwinonso kujambula fumbi lenileni ndi kamera, patsogolo pa nsalu yakuda dzuwa likuchokera kumbuyo, n'kulisanjika pamwamba pa zomangidwazo. Nkhope za anthu zisakulitsidwe popanda wina kuziyerekeza ndi zomwe kamera inajambula, chithunzi ndi chithunzi, makamaka pomwe kuwala kunali kochepa.