Nthondo pa Moto wa Chisanu

Kwathu ku Santhe buku ndi chinthu cha nyengo yachisanu. Nthawi ya dzinja munthu sapenya pepala, pakuti kuokera, kupalira, kuthyola fodya, kusoka ndi kupachika m'zigafa kumadya dzuwa lonse. Koma ikafika Juni ndi Julayi, mabelo ambiri atapita ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, mwera ukuomba m'madambo, usiku umatalika, ndipo kabuku kamodzi kothothoka chikuto kamayenda khomo ndi khomo ngati nkhwangwa yobwereka. Amawerenga ndi mmodzi, mokweza, ena akuotha moto. Apa mlembi amakumana ndi mayeso owawa kuposa a m'kalasi mwathu muno, chifukwa omvera akatopa salemba ndemanga ayi. Amangoyasamula nkukagona.

Mlembi amene ine ndimamkonda pa mayeso otere ndi Bambo Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Buku lao, Nthondo, lidatuluka m'chaka cha 1933, lidapata mphotho ya bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, ndipo mu 1934 T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi nalitcha Man of Africa. Anzanga amene mumaloweza Chinua Achebe, werengani zala: Things Fall Apart idadza mu 1958, patapita zaka 25. Nanga ndi angati mwa ife amene adatsegulapo Nthondo popanda mphunzitsi kuwakakamiza?

Mphamvu ya bukuli ili pa ubwana ndi unyamata wa Nthondo. Mnyamatayu ndi wakuba, wabodza, wosamva kamwa la akulu, koma a Ntara amamlemba ngati munthu amene adadya naye m'mbale imodzi. Sathamangira kumweruza. Ziganizo zao nzapakamwa, zopumira pamene wokamba nthano amapumira, kotero kuti wowerenga mokweza sapunthwa. Nthondo akamachoka pamudzi kukafuna ntchito kutali, omvera a ku Santhe safuna womasulira, pakuti ambiri mwa iwo ndi matenanti amene adasiya kwao kudzalima fodya wa eni. Amaseka, koma kuseka kwake nkwa munthu amene wadziona pa kalirole.

Tsono mlandu wanga ndi a Ntara uli kumapeto. Nthondo akakhala mfumu ndi kutembenuka mtima, mau a mlembi amasintha. Wokamba nthano uja amatsika pampando, pamakwera mlaliki. Sindikutsutsa kuti munthu angathe kutembenuka. Chimene ndikudandaula nchakuti Nthondo woipa ali ndi magazi ndi mnofu, pamene Nthondo wabwino ndi chitsanzo chabe cha m'kalasi ya ubatizo. Ena adzati tiwakhululukire, popeza makina osindikizira adali m'manja mwa amishoni. Nzoona, wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Koma chifukwa chomveka sichisandutsa tsamba lozizira kukhala lotentha.

Pa mfundo imeneyi Bambo J. W. Gwengwe adachenjera. Mu Sikusinja ndi Gwenembe nawonso ali ndi phunziro, mwina loonekeratu kuposa la a Ntara, koma adalisiya m'kamwa mwa mbalame imene imaulula mlandu wa kupha mbale. Ana amayimba nawo, ndipo palibe amene amadzimva kuti akulalikidwa. Komabe mukandifunsa, ndisankha Nthondo. Abale awiri a Gwengwe ndi oyera ndi wakuda kuyambira tsamba loyamba. Nthondo amakusokoneza, umamkwiyira uku ukumfunira zabwino.

Mdani wamkulu wa mabuku kwathu si chiswe ayi, ndi chingambwe: pepala la buku limapichirira bwino fodya. Nthondo amene adayenda m'mudzi mwathu chisanu chathachi adafika kwa ine wopanda masamba asanu ndi limodzi omaliza. Wong'ambayo adayambira kumbuyo, ndipo mwa onse amene adabwereka bukulo palibe adafunsa za masambawo.