Mabotolo 194,539 a magazi

Munthu akafika ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, thupi likuwotcha ndipo madokotala akukayikira kuti tizilombo talowa m'magazi, amamutenga magazi pang'ono n'kuwathira m'botolo momwe muli chakudya cha mabakiteriya. Botololo amakalisunga pamalo ofunda ku labotale. Mukamera kanthu, amakapaka pa kambale n'kuikapo timapepala tozungulira, kalikonse kali ndi mankhwala akeake. M'mawa mwake amadzaona. Pomwe mankhwala akadali ndi mphamvu, kapepala kamakhala pakati pa bwalo loyera lomwe tizilombo talephera kulowamo. Pomwe mankhwala agonja, tizilombo timamera mpaka kukhudza kapepalako. Wa mu labotale amayeza bwalolo ndi rula n'kulemba mamilimita ake. Ntchito imeneyi yakhala ikuchitika kuyambira 1998 pansi pa bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome.

Zonsezi zimachitika pofuna kuthandiza wodwala wa tsikulo. Iye akachira kapena akatisiya, zolembazo zimangokhala m'kaundula. Patrick Musicha, Mmalawi wodziwa kuwerenga DNA ya tizilombo pa kompyuta, anatenga kaundula yense wa zaka 19, kuyambira 1998 mpaka 2016, n'kumufunsa funso limodzi: kodi mankhwala omwe timadalira akugwirabe ntchito? Yankho linatuluka mu 2017 m'magazini ya The Lancet Infectious Diseases, iye ali mlembi woyamba, limodzi ndi anzake monga Chisomo Msefula, Melita Gordon ndi Nicholas Feasey. Mabotolo onse analipo 194,539, ndipo mwa amenewa munapezeka tizilombo toyambitsa matenda 29,183.

Luso loyamba lili pa kugawa. Munthu wothamanga akanangowerenga tizilombo ta chaka chilichonse n'kunena kuti takwera kapena tatsika. Koma Blantyre wa 2016 anali ndi anthu ambiri kuposa wa 1998, choncho nambala yosagawa imanama. Ofufuzawa anayerekeza matendawo ndi chiwerengero cha anthu, ndipo anapeza kuti matenda a m'magazi anatsika kuchoka pa 327.1 mwa anthu 100,000 alionse mu 1998 kufika pa 120.2 mu 2016. Zaka zimenezi n'zomwe ma ARV aulere anayamba, mu 2004, katemera wa chibayo anabwera mu 2011, ndipo nkhondo yolimbana ndi malungo inakula. Nkhani yabwinoyi anaiika patsogolo ngakhale kuti siinali yomwe ankaisaka. Ine apa m'pomwe ndimamuvulira chipewa Musicha, chifukwa wofufuza amene akufuna kutchuka amabisa chotonthoza n'kukweza choopsa chokha.

Choopsacho chinalipo ndithu. Mwa mabakiteriya 26,174, oposa theka, 51.1 pa 100 alionse, sankamva mankhwala oyambirira omwe dziko lino lakhala likudalira: amoxicillin kapena penicillin, chloramphenicol, ndi co-trimoxazole yemwe tonse timamudziwa kuti Bactrim. Mankhwalawa atafooka, zipatala zinatembenukira ku ceftriaxone, jakisoni wa kamodzi patsiku amene aliyense wodikirira matenda m'wodi anamuonapo. Musicha ndi anzake anatsata tizilombo tomwe timatulutsa chinthu chotchedwa ESBL, chomwe chimaphwanya mankhwala a mtundu wa ceftriaxone asanagwire ntchito. Mu 2003, mabakiteriya a E. coli otere anali 0.7 pa 100 alionse. Pofika 2016 anali 30.3. Klebsiella, amene amasautsa kwambiri makanda obadwa kumene m'zipatala, anachoka pa 11.8 kufika pa 90.5. Ndiye kuti mwa odwala khumi ogwidwa ndi kachilomboka m'magazi, asanu ndi anayi angabayidwe ceftriaxone popanda kuphula kanthu.

Sanaunjike tizilombo tonse m'thumba limodzi ayi. Anatisiyanitsa, ndipo anaonetsa kuti gulu lina, momwe muli kachilombo kofala ka chibayo, linali likumvabe penicillin kapena chloramphenicol, kuposa 92 pa 100 alionse. Kwa dokotala, mzere umenewu ndi wamtengo wapatali kuposa mfuu yakuti mankhwala onse atha mphamvu, chifukwa ukumuuza pomwe mankhwala otchipa akadagwirabe.

Wina ku Madisi anganene kuti zimenezo n'za m'tauni. Koma taganizani za mayi wochokera kumapiri a Ntchisi kapena kumidzi ya Dowa, amene wafika pa chipatala cha mishoni pa Madisi ndi mwana wotentha thupi, malungo ayezedwa osapezeka. M'zipatala zambiri za m'maboma ndi zamishoni, kumeretsa tizilombo ta m'magazi si chinthu cha tsiku ndi tsiku. Dokotala amasankha mankhwala potsata buku la malangizo la Unduna wa Zaumoyo ndi zomwe maso ake aona, ndipo zikakanika amalemba kalata yopita ku Kamuzu Central. Malangizo oterowo amafuna umboni wa m'dziko momwemuno, ndipo umboni wautali chonchi ndi wosowa mu Africa yense. Komanso makapisozi ogula pa golosale, omwa masiku awiri n'kusiya, kapena othira m'madzi a nkhuku, ali paliponse m'mbali mwa msewu wa M1. Pepala la Musicha lija silinanene kuti manambala a ku Blantyre ndi a dziko lonse. Mutu wake womwe ukunena poyera kuti ndi za chipatala chimodzi chachikulu cha m'tauni. Za ku Dowa zidzadziwika pokhapo mabotolo a ku Dowa atawerengedwa.

Kusunga zolemba za odwala pa kompyuta si kwachilendo kuno. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Gerry Douglas ndi bungwe la Baobab Health anaika makompyuta ongodina pagalasi ku Kamuzu Central, osindikiza kasitika komata pa kabuku ka kuchipatala. Chosowa ndi munthu wobwerera ku zolembazo patapita zaka n'kuziwerenga ngati nkhani imodzi.

Kaundula amanena kuti mankhwala agonja, koma sanena chifukwa. Apa m'pomwe Musicha analowa m'mafiriji. Labotale ija imasunga tizilombo tomwe yapeza mozizira kwambiri, ndipo kachilombo kochokera mwa wodwala wa zaka zambiri zapitazo kangadzutsidwe n'kumeranso. Anasankha E. coli 94, DNA yake n'kuwerengedwa ku Wellcome Sanger Institute pafupi ndi Cambridge. Makina satulutsa DNA yathunthu. Amaidula tizidutswa tifupitifupi, ndipo wofufuza amatilumikiza pa kompyuta mpaka zilembo pafupifupi 5 miliyoni za kachilombo kamodzi zitakhala m'malo mwake. Kenako amayerekeza tizilombo tonse kuti aone ubale wake. Zotsatira, zomwe zinatuluka mu 2017 mu Journal of Antimicrobial Chemotherapy, zinaonetsa kuti E. coli wa ku Blantyre ndi wa mabanja ambirimbiri, koma lofala kwambiri ndi ST131, lomwe likuvutitsanso mayiko ena padziko lonse, ndipo gene (kachigawo ka DNA) yomwe inkapezeka kwambiri pa zophwanya ceftriaxone ndi CTX-M-15.

Pepala lomwe ndimalikonda koposa ndi la Klebsiella, la mu 2019. Mabakiteriya ali ndi timphete ta DNA totchedwa plasmid tomwe amapatsirana, ngakhale asali a mtundu umodzi. Plasmid ili ngati ngolo: lero yanyamula fodya wa uyu, mawa chimanga cha uyo, ndipo imalowa mudzi uliwonse. Musicha anapeza kuti kusamva mankhwala sikunali kwa banja limodzi la Klebsiella lomwe lachulukana, koma kunali kutamwazikira m'mabanja osiyanasiyana, chizindikiro chakuti ma gene akuyenda pa ngolo zimenezi. Ndiye anaona chinthu chomwe wina akanachidumpha. Mwa tizilomboto munalibe gene yogonjetsa carbapenem, mankhwala omwe madokotala amathawirako ceftriaxone akalephera. Wofulumira akanalemba kuti palibe vuto n'kutseka kompyuta. Iye anayang'ana ngolo zomwezo, n'kupeza ina yofanana kwambiri ndi plasmid yomwe kumayiko ena imanyamula gene ya NDM, yomwe imaphwanya carbapenem. Ngolo inali itafika kale, yopanda katundu wake, ndipo analemba chenjezo lakuti katunduyo akangofika adzapeza chokwera.

Mu 2020, Joseph Lewis ndi anzake a ku Malawi-Liverpool-Wellcome analengeza kuti apeza gene ya NDM-5 mu E. coli wochokera mwa wodwala ku Blantyre, koyamba m'dziko muno.