Mpeni ndi Inki: Zithunzi za Kyffin Williams

Mwa amisiri ojambula a dziko la Wales, ndi owerengeka amene nchito yao izindikirika msanga monga ya Kyffin Williams. Iye anabadwira ku Llangefni, pa cisumbu ca Anglesey, m'caka ca 1918, namwalira m'caka ca 2006. Poyamba anali msilikari, koma m'caka ca 1941 anamcotsa cifukwa ca nthenda ya khunyu, ndipo dotolo anamlangiza kuti ayese kujambula. Ataphunzira pa sukulu ya Slade, anaphunzitsa anyamata pa sukulu ya Highgate ku London kuyambira 1944 kufikira 1973.

Cimene anakonda kujambula ndico mapiri a Eryri, kumpoto kwa Wales, pamodzi ndi mipanda yamiyala, tinyumba ta alimi, nkhosa ndi agalu oziweta. Utoto wake sanali kuupaka ndi burashi monga acitira ambiri, koma ndi mpeni wosathwa, nauunjika mocindikala monga mmisiri amata khoma. Cifukwa ca ici thanthwe la m'cithunzi lioneka lolemera, ndipo mitambo ikhala ngati ifuna kutsamira paphiri. Mitundu ya utoto iri yocepa: wakuda, wotuwa, wobiriwira moderapo, ndi woyera pang'ono pamene pagwa kuwala. Munthu akaonekamo akhala wamng'ono, woweramira mphepo, koma osagonja.

Mphamvu ya zonsezi icokera m'zojambula zake za inki. M'menemo mulibe cobisalira. Mzere umodzi wakuda ndiwo msana wa phiri. Banga limodzi la inki yosungunula ndi madzi ndilo mthunzi wa cigwa. Pamene pepala latsala loyera, pamenepo ndi pathambo. Williams anadziwa cimene ayenera kusiya, ndipo luso lake lagona pomwepo.

Alipo ena amene amdandaula kuti zithunzi zake ziri zamdima, zofanana-fanana, ndiponso kuti aonetsa Wales wa abusa okha-okha ngati kulibe mizinda. Mau amenewa ali ndi coona cake, pakuti woona zithunzi zambiri pamodzi angatope ndi thambo lotuwa. Koma m'caka ca 1968 iye anapita ku Patagonia, m'dziko la Argentina, kukajambula zidzukulu za anthu a ku Wales amene anasamukirako m'caka ca 1865, ndipo zithunzi za kumeneko zinatuluka zowala ndi mitundu yina. Motero mdima uja sunali kulephera kwa dzanja, koma kumvera kwa diso: anajambula dziko liri lonse monga analipeza.

Pano pali phunziro kwa iwo amene akonzekera kukaima pamaso pa ana. Kawiri-kawiri mphunzitsi ayamika mwana amene wadzaza pepala lonse ndi kupaka mitundu yonse imene ali nayo, nadzudzula mnzace amene walemba mizere isanu yokha. Koma ngati mizere isanuyo iri yoona, mwana waciwiriyo ndiye wapenya. Tsono mphunzitsi wanzeru ayambe waturutsa ana pabwalo, apenyetsetse phiri kapena mtengo umene audziwa, nawafunse kuti mzere waukuru uli pati, ndi mthunzi wagwa mbali iti. Kala ndi pepala zikwanira. Utoto ubwere pambuyo, diso litaphunzira kusankha.