Mlandu wa pa Chiwaya

Masiku ano Akhristu akakumana pa bwalo la tchalitchi Misa itatha, moni asanathe n'komwe, nkhani imakhala itagwera kale pa mitengo ya zinthu. Wina adandaula za feteleza, wina za sopo, wina za minibasi. Koma pali dandaulo lina limene timalimva kawirikawiri, ndipo eni ake amalinena moseka, ngati nkhani yachibwana. Akuti tchipisi cha pa chiwaya chakwera mtengo, ndiponso chachepa m'mbale. Ndalama imene kale inkagula mulu wosefukira, wa kabichi ndi kambuzi pamwamba, lero ikugula timizere toti munthu angathe kuwerenga ndi chala. Mandasi afwota. Kanyenya ndiye tisanene. Nsima ya m'malo odyera a mumsika, aja timawatcha a chiimirire, nayonso yatsata njira yomweyo.

Pa dandaulo limeneli timamva mayankho awiri, ndipo onse amatuluka m'kamwa mwa Akhristu abwino. Loyamba limati: anyamata a pa chiwaya aonjeza dyera. Lachiwiri limati: chikwere ndithu, kapena anthu angaphunzire kudya kwawo. Ife tikuona kuti mayankho onse awiri aphonya, ndipo lachiwirilo, ngakhale limamveka ngati ulaliki, ndilo laphonya koposa.

Tiyambe ndi mnyamata wa pa chiwaya, pakuti ndiye amene timamuona ndi maso, ndipo munthu akapsa mtima amakalipira amene ali pafupi. Tatiyeni tiime kumbuyo kwa chiwayacho m'mamawa, moto usanasonkhedwe, tione zimene zimalowamo. Mbatatesi yachokera kutali, ku mapiri a Dedza ndi Ntcheu, ku Bembeke, ku Tsangano, ku msika wa Lizulu. Mlimi wake adaithira feteleza wogulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo galimoto imene yaibweretsa pa msewu wa M1 yamwa dizilo wogulidwanso ndi ndalama zakunja. Nkhuni n'zogula. Tikiti ya msika imadulidwa tsiku ndi tsiku, malonda ayende kapena asayende. Koma mwini nkhani yonse ndi mafuta ophikira. Nsima, ufa ndi madzi zikapezeka, basi yapsa. Tchipisi chimasambira m'mafuta kuyambira m'mawa mpaka usiku. Tsono mafuta ambiri amene timaphikira m'dziko muno amalowa kuchokera kunja asanayengedwe, makampani athu n'kumawayenga kuno. Motero chiwaya cha ku Ndirande chili ndi chingwe chosaoneka chofika kutsidya la nyanja zamchere.

Chingwe chimenechi chidakokedwa mwamphamvu m'chaka cha 2022. M'mwezi wa Febuluwale kudabuka nkhondo ya Russia ndi Ukraine, maiko awiri amene amagulitsa mafuta ambiri a mpendadzuwa pa dziko lonse. M'mwezi wa Epulo dziko la Indonesia, limene limatsogola pa mafuta a kanjedza, lidaletsa kaye kwa milungu ingapo kugulitsa mafutawo kunja. Boma lathu lidachotsa msonkho wa VAT pa mafuta ophikira chaka chomwecho, koma mpumulo wake sudakhalitse, pakuti m'mwezi wa Meyi ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. M'Novembala 2023 idachepetsedwanso ndi 44 peresenti, kotero kuti dola imodzi ya ku America, imene ku banki inkagulidwa pafupifupi K1,180, idadzuka ili pa K1,700. Mayi wophika nsima mumsika nayenso adali ndi zake: namondwe wa Freddy m'Malichi 2023, kenaka chilala cha 2024, chimene chidachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Ufa ukavuta ku chigayo, mtanda wa mu lesitilanti sungakhale monga udaliri.

Kodi mnyamata uja achite chiyani? Njira zake ndi zitatu zokha: kukweza mtengo, kuchepetsa mulu, kapena kukazingira mafuta omwewo mpaka atada bii ngati phula la mumsewu. Ambiri akutsata zonse zitatu. Yachitatuyo sitingaikhululukire, pakuti mafuta otopa chotero si abwino m'thupi la munthu, ndipo amene amawadya ndi yemwe uja alibe ndalama ya ku chipatala. Komabe dyera lenileni lili ndi zizindikiro zake. Wadyera amanenepa, amamanga, amagula galimoto. Mnyamata wa pa chiwaya amene timamudziwa ife akadali ndi malaya omwe aja onunkha utsi, ndipo anzake angapo adagubuduza kale ziwaya zawo n'kubwerera kumudzi.

Tsopano tibwere pa yankho lachiwiri, lija loti anthu azikadya kwawo. Mawu ake ndi okoma, ndipo ife amene timakonda kuona banja litazungulira mbale imodzi timafulumira kuwavomera. Koma tisanavomere, tatiyeni tikaime pa chiwaya nthawi ya 12 koloko masana, tione amene afika. Wafika wakabaza thukuta lili kamukamu. Wafika kondakitala, wafika wonyamula katundu mumsika wa Limbe, wafika mmisiri manja ali mbuu ndi simenti, wafika mtsikana wogulitsa m'sitolo ya eni ake, wafikanso mayi amene akudwazika mwana ku chipatala, kwawo kuli kuboma lina. Anthu amenewa adanyamuka m'mbandakucha ku Bangwe, ku Mbayani, ku Chinsapo, ku Mtandire, ambiri a iwo wapansi. Nthawi ya nkhomaliro ikachuluka ndi ola limodzi. Kuti munthu apite kwawo ndi kubwerera m'ola limenelo afunika minibasi ziwiri, ndipo mtengo wa minibasizo ungapose wa mbale imene akuithawa.

Ena amati, basi azinyamula kamba. Inde, alipo amene amanyamula, ndipo achita bwino. Koma kamba amachokera ku mkute, ndipo mkute umapezeka m'nyumba imene nsima idatsala usiku. M'nyumba imene ana amakokota mphika, kamba achokera kuti? Kuphika kwina m'mamawa ndi makala enanso. Tikayang'anitsitsa, uphungu wa kudya kunyumba umaperekedwa kawirikawiri ndi anthu amene nyumba yawo ili pafupi ndi ntchito, kapena amene ali ndi galimoto yowafikitsako. Mwina n'koyenera kukumbukira kuti tsiku lija Ambuye adakhala pansi atatopa pa chitsime cha Yakobo ku Samariya, dzuwa lili paliwombo, ophunzira awo adali atapita kumudzi kukagula chakudya. Mlaliki Yohane adalemba zimenezi ngati chinthu wamba cha anthu a paulendo, ndipo palibe amene adawadzudzula.

Sitikukana kuti kulinso kudya kwina kwa m'tauni kumene kuyenera chidzudzulo. Tonse timamudziwa bambo uja amene mwezi ukatha amayamba wakhota pa kanyenya, nadya yekha nyama ya banja lonse, napukuta pakamwa bwinobwino, n'kukafika kunyumba ndi mawu akuti zinthu zavuta, ana akudyera bonya. Timadziwanso malo aja a magalasi ogulitsa nkhuku yokazinga, kumene ena amapita kuti akaonedwe ndi kujambulidwa pa foni. Paulo Woyera adakalipira Akhristu a ku Korinto pa mlandu wofanana ndi umenewu, woti wina akhuta pamene mbale wake ali ndi njala. Koma kodi kukwera kwa mtengo kwamuchiza bambo ameneyu? Iyayi. Iye akudyabe, chimene chachepa ndi ndalama ya ndiwo imene amasiya pa tebulo. Amene mtengo wamuchotsa pa chiwaya ndi wakabaza uja.

Tiwerenge pang'ono. Malipiro otsikitsitsa amene lamulo limalola adali K50,000 pa mwezi m'chaka cha 2021. M'Febuluwale 2024 adakwera kufika pa K90,000, ndipo m'chaka cha 2025 adafika pa K126,000. A antchito a m'nyumba adaikidwa pansi pa amenewa. Pa pepala kukweraku kukuoneka kwakukulu. Koma tengani K90,000 ija, muigawe pa masiku 26 ogwira ntchito: mupeza pafupifupi K3,460 pa tsiku. Awerengi athu akumbukire okha mtengo wa mbale ya nsima kapena ya tchipisi kwawoko m'chaka chimenecho, auchotse pamenepo; chotsalacho ndicho chinkayenera kulipira lendi, ufa, makala, sopo, makope a ana ndi chopereka cha Lamulungu. Munthu wanzeru akawerenga chotero sachedwa kuona chimene angadule popanda mwininyumba kumuthamangitsa ndiponso popanda mwana kulira. Amadula nkhomaliro yake. N'chifukwa chake mukadutsa ku Kanengo kapena ku Makata masana mudzaona amuna atagona pansi pa mitengo, chipewa kumaso, ena akutafuna nzimbe, ena atangomwa madzi a pampopi. Mukawafunsa adzakuuzani kuti akupumula.

Apa ndipo pali nkhani imene dandaulo la tchipisi likubisa. Makolo athu sankadziwa malamulo a za ntchito, koma ankadziwa kuti munthu amene akukugwirira ntchito sagwira ndi njala. Mwini munda akaitana dima, thobwa kapena mowa unkakhala utakonzedwa kale. Waganyu akamalima, dzuwa likakwera mayi wa pakhomo ankatulukira ndi dengu pamutu. Ngakhale adzukulu okumba manda, mpaka lero mudzi umawatumizira chakudya komweko, ndipo mudzi umene ungaiwale zimenezi ungachite manyazi osatha. Eni maesiteti ndi migodi a nthawi ya atsamunda, ngakhale adali ouma manja, ankapereka phoso. Lidali lochepa ndi lonyozeka, komabe pakulipereka ankavomera kuti mimba ya wantchito ili pa mutu pawo. Moyo wa m'tauni udadula chingwe chimenechi mwakachetechete. Bwana adati: ndakupatsa ndalama, zonse zili momwemo. Chiwaya ndi chiimirire zidamera pa mpata umenewu, kuti zichite motchipa zimene mayi wa dengu uja ankachita mwaulere. Tsono lero, pamene nazo zakwera, wantchito watsala pakati: bwana samudyetsa, ndalama simudyetsa, kwawo n'kutali.

Eklezia sadakhale chete pa nkhani imeneyi. M'chaka cha 1891 Papa Leo XIII, m'kalata yake ya Rerum Novarum, adaphunzitsa kuti malipiro sakhala olungama pa chifukwa chokhacho choti wantchito wawavomera. Munthu wopanikizidwa ndi usiwa amavomera chilichonse, ndipo malipiro ayenera kukwanira kusunga moyo wa wantchito wodziletsa. Patapita zaka 90, mu 1981, Papa Yohane Paulo II mu Laborem Exercens adati malipiro olungama ndiwo muyeso woonera ngati chuma cha dziko chikuyenda mwachilungamo, ndipo adawayeza ndi zosowa za banja lonse. Kalata ya Aepiskopi athu imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 timaikumbukira chifukwa cha zimene idachita pa ndale za dziko lino. Ambiri tidaiwala kuti idanenanso za malipiro ochepa a antchito, za mitengo yonyozeka imene alimi ankalandira, ndi za phompho lokulirakulira pakati pa olemera ndi osauka.

N'kosavuta kuwerenga makalata amenewa maso ali pa boma ndi pa makampani, ndipo iwo ali nawodi mlandu wawo. Koma tsamba lino limawerengedwa m'mabanja a m'maparishi, ndipo ambiri mwa ife, ngakhale timadziyesa osauka, tili ndi munthu wotigwirira ntchito. Tili ndi mtsikana wolera ana, mlonda wa usiku, mnyamata wa m'dimba, mmisiri wokonza mpanda. Kodi mtsikana uja amadya ndiwo zimene waphika, kapena ali ndi kamphika kake kuseri? Kodi mlonda akafika madzulo timadziwa ngati wadya? Pamene tidamva kuti mandasi akwera, kodi tidaonjezapo kanthu pa ndalama ya waganyu, kapena tidangodandaula za mandasi athu? Ndipo makomiti athu a zomangamanga, amene amanyadira kuti anenerera mmisiri mpaka watsika mtengo, n'kuuza mpingo kuti apulumutsa ndalama za Mulungu, kodi adafunsapo kuti ndalama yopulumutsidwayo yachoka pa mbale ya yani?

Pa parishi ina, imene sitiitchula, ankamanga holo. Tsiku limenelo komiti idali ndi msonkhano m'kalasi yoyandikana nayo, ndipo ife tidali nawo. Amayi adali atatikonzera mpunga ndi nkhuku, fungo lake lili ponseponse. Belu la masana litalira, tidaimirira kupemphera, ndipo pa zenera tidaona amisiri anayi akutsika pa makwerero. Atatu adapisa m'matumba, nasonkha, natuma wamng'ono mwa iwo ku chiwaya cha kumsewu. Adabwera ndi kapepala kamodzi. Adakayala pa njerwa, nayamba kutola ndi timitengo, aliyense akudikira mnzake, mwaulemu ngati akudya kwa apongozi. Wachinayi, bambo wa imvi, adakakhala patali pang'ono, natsamira thumba la simenti. Mmodzi wa ife potuluka kukasamba m'manja adamufunsa kuti, "Nanga inu achikulire, simudya?" Iwo adavula chipewa, nayankha akumwetulira kuti akusala.

Lidali Lachiwiri, m'mwezi wa Okutobala.